Ng'oma ya m'Buti: Za Kugula Ampu ya Galimoto ndi Ndalama Zochepa

Aliyense amene adakhalapo m'komboni ya Chipata, ino ya ku Lusaka yoyandikana ndi Mandevu ndi Marapodi, osati Chipata wa kum'mawa kumene ambiri a ife tidasiya michombo yathu, adziwa kuti dzuwa likapendeka, pamene amayi ogulitsa tomato ndi kapenta ayamba kulongedza malonda awo, ana nathamangitsana m'fumbi, pamadza magalimoto ena amene munthu sayamba kuwaona ndi maso koma kuwamva m'chifuwa. Galimoto isanakhote n'komwe pa mphambano, malata a pa kantemba ayamba kale kunthunthumira, agalu adzambatuka, ndipo anyamata okhala pa benchi ya wometa tsitsi atembenuka onse pamodzi, wina nati, "Iyo ndiye bezi!" Pamenepo m'mtima mwa yense wa iwo, ngakhale amene alibe ndi njinga yomwe, mumabadwa chilakolako chakuti tsiku lina iyenso adzagwedeze komboni chomwecho.

Sindidadze kudzadzudzula chilakolako chimenechi, pakuti n'chakale kuposa galimoto. Makolo athu pokonza ng'oma ankamata phula pakati pa chikopa kuti liwu lake litsike ndi kulemera, naiwamba pamoto kufikira italankhula monga afunira. Oimba kalindula nawonso adamanga nyimbo zawo pa chingwe chachikulu cha bezi, kotero kuti nyimbo ya P.K. Chishala kapena ya Amayenge ikalira pa kasipika ka pafoni imakhala ngati ndiwo zopanda mchere. Chimene chandilembetsa n'chakuti ludzu labwinoli lanenepetsa amalonda ambiri osaona mtima, ndi kuti munthu wa ndalama zochepa, popeza sangathe kugula kawiri, ndiye ayenera kugula mwanzeru koposa wachuma.

Agogo athu adali ndi nzeru ina pa nkhani imeneyi, imene ife adzukulu taitaya. M'chaka cha 1949, Harry Franklin, amene adali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, atagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain, adabweretsa m'dziko muno kawayilesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kamene thupi lake lidali ngati sefuliya, ndipo mtengo wake udali mapaundi 5. Pa kawayilesi kameneko anthu a m'makomboni ndi a m'midzi adamvera mawu a Alick Nkhata ochokera ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Koma kankadalira batire lalikulu logulidwa padera, ndipo mwini nyumba aliyense ankadziwa, popanda womuphunzitsa, kuti mawu onse aja ndi obwereka kwa batire, ndi kuti batire likatha, ngakhale woimba akhale wokoma chotani, nyumba ikhala chete. Chiphunzitso chimenecho ndicho mutu wa zonse zimene ndinene pano: ampu sibala mphamvu, ingotenga kwa galimoto ndi kupereka kwa masipika, ndipo singapereke zoposa zimene yalandira.

Chilombo cha mwana wa mlongo wanga

Mwana wa mlongo wanga ali ndi ka Vitz kamene anyamulira anthu pakati pa komboni ndi tauni. Tsiku lina Loweruka adafika pakhomo panga nkhope ili ngwee, atanyamula bokosi lonyezimira limene adagula m'sitolo ina ya m'tauni, nati, "Atsibweni, lero ndagula chilombo." Pabokosipo padali mphezi zojambula ndi malembo ofiira aakulu ngati dzanja la munthu, onena mawati 5000. Mnzake wina adamuthandiza kulumikiza madzulo omwewo, ndi nthambo yotsala pa ntchito ina, ndipo kwa masabata atatu komboni idamdziwa. Sabata lachinayi, ali pa mzere wa magalimoto pa Great North Road dzuwa la Okutobala lili pamutu, nyimbo idaduka, kanyali kobiriwira ka pa ampu kadasanduka kofiira, ndipo m'galimoto mudadzaza fungo la vanishi wopserera, limene munthu akalimva kamodzi saliiwalanso.

Tidanka nayo kwa mmisiri wina wachikulire wa zamagetsi a galimoto, amene malo ake a ntchito ndi mthunzi wa mtengo wa mango ndi tebulo lodzala mawaya. Mkuluyo sadayang'ane n'komwe malembo ofiira aja. Adatembenuza ampu chagada, nazula kafyuzi kamodzi kamene kadali m'mbali mwake, nakaika pa chikhatho cha mnyamata, nati, "Werenga, mwana wanga." Mnyamata adawerenga: 25. Mkulu adatola msomali nalemba pansi pa dothi 25 kuchulukitsa ndi 14, nati, "Khomo lolowera moto ndi ili. Injini ikamalira, galimoto ipereka ma volt 14 kapena kuposerapo pang'ono. Zonse zimene zingalowe pa khomo ili ndi mawati 350, ndipo mwa amenewo, pafupifupi theka limasanduka kutentha. Tsono 5000 yakoyo idalowera pa zenera?" Mnyamata adangoti kukamwa yasa, nayankha motsitsa mawu, "Abambo, ndimayesa zolembedwa sizinama." Mkulu adaseka pang'ono nati, "Chikomekome cha mkuyu."

Mawati oona ndi mawati a pabokosi

Tsono tiyeni tiunike bwino zimene mkuluyo adalemba pa dothi, pakuti m'menemo muli chitetezo cha thumba lanu. Pa mabokosi a ampu pamalembedwa miyeso ya mitundumitundu. Ina itchedwa Max, ina Peak, ina PMPO, ndipo yonseyi inena za mphamvu imene chipangizocho chingatulutse m'kuphethira kwa diso, kapena imene wamalonda adalota usiku. Siithandiza wogula ngakhale pang'ono. Muyeso wokhawo woyenera kuufunafuna, umene kawirikawiri umabisala m'timalembo tating'ono kumbuyo kwa bokosi kapena m'kabuku ka m'kati, ndiwo wotchedwa RMS, umene unena mphamvu imene ampu ipereka kosalekeza, ola ndi ola, monga ng'ombe ikoka ngolo tsiku lonse, osati monga idumpha kamodzi italumidwa ndi kashembe. Ku America makampani a zamagetsi adapangana muyeso umodzi wotchedwa CEA-2006, umene tsopano utchedwa CTA-2006, wakuti ampu iziyesedwa pa ma volt 14.4, pa katundu wa ma ohm 4, mawu asanayambe kusweka kupitirira gawo limodzi mwa magawo 100. Chizindikiro chimenecho chikapezeka pa katundu weniweni, nambala yake ndi yokhulupirika.

Koma popeza chizindikiro nacho chingathe kudindidwa ndi wonyenga, fyuzi ndiyo mboni yosalandira chiphuphu. Phatikizani manambala a mafyuzi onse a pa ampu, chulukitsani ndi 14, ndipo pa zotulukazo tengani theka kapena kuposerapo pang'ono ngati ampu ili ya mtundu wa Class AB, kapena magawo anayi mwa asanu ngati ili ya Class D. Pamenepo mwayandikira choonadi. Kuti ampu itulutse mawati 5000 enieni iyenera kumwa ma ampere opitirira 400, pamene olitaneta yopanga moto m'galimoto yaing'ono monga Vitz kapena Corolla kawirikawiri sifika ngakhale pa 100, ndipo mwa ochepawo nyali, mafani ndi injini yomwe ziyenera kudyako. Chotero munthu amene akugulitsani chilombo chotere pa mtengo wa matumba angapo a ufa, akukugulitsani njovu m'thumba la shuga.

Dziwaninso ichi, kuti chikutonthozeni mtima: khutu la munthu siliwerenga mawati monga wamalonda awerenga ndalama. Kuwirikiza mphamvu kawiri kungowonjezera ma decibel 3, ndiko kukwera kumene khutu likuzindikira koma osadabwa nako; kuti mawu amveke ngati akula kawiri, mphamvu iyenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. N'chifukwa chake mawati 200 kapena 300 oona, operekedwa kwa wufa, ndiyo sipika yaikulu ya bezi, yokhala m'bokosi lomangidwa bwino, akwanira kudzaza galimoto yaing'ono mpaka kalirole wa kutsogolo kunjenjemera. Wayilesi ya m'galimoto, ija ilembedwa kuti 50 kanayi, imapereka mawati oona pafupifupi 20 pa sipika iliyonse. Ndipo ampu yoona mtima ya mawati 50 kapena 60 pa sipika idzakudabwitsani ndi kuyera kwa mawu ake.

Goli la ma ohm

Mlimi wanzeru sagula goli asanaone ng'ombe zake. Momwemonso musanapite ku sitolo, yambani mwatembenuza wufa yanu ndi kuwerenga zolembedwa pa maginito ake, kapena kuiyesa ndi mita ya mmisiri, pakuti pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa: mawati ake a RMS, ndi ma ohm ake. Ma ohm ndiwo muyeso wa kukaniza kwa sipika ku moto wodutsamo. Akachepa, moto udutsa wochuluka, ampu nigwira ntchito yolemera ndi kutentha koposa. Masipika ambiri a m'zitseko ali ndi ma ohm 4. Koma mawufa ambiri ali ndi makoyilo awiri, ndipo mudzawazindikira poona malo awiri olumikizira nthambo, ena mbali iyi, ena mbali inayo. Makoyilo awiri a ma ohm 4 akalumikizidwa mophatikiza, chofiira ku chofiira ndi chakuda ku chakuda, atsika kufika pa 2. Akalumikizidwa motsatizana, wina kumchira kwa mnzake, akwera kufika pa 8. Makoyilo awiri a ma ohm 2 apereka 1 kapena 4.

Apa ndi pamene mwana wa mlongo wanga adagwera m'mbuna. Ampu yake idali ya matchanelo anayi, ndipo mnzake uja adamanga awiri pamodzi kuti akoke wufa, kumene amisiri akutcha kubrija. Kuteroko si kulakwa, koma ampu zambiri zotsika mtengo zikabrijidwa sizilola katundu wotsika kuposa ma ohm 4, ndipo iye adaisenzetsa wufa ya ma ohm 2. Idapirira masabata atatu monga bulu wa munthu wankhanza, kenaka idagwa pansi pa mtolo. Lamulo lake ndi lapafupi: mawati a RMS a ampu, owerengedwa pa ma ohm omwewo amene wufa yanu idzakhala nawo italumikizidwa, ayandikane ndi mawati a RMS a wufayo. Ampu ikaperewera pang'ono kapena kupyola pang'ono palibe mlandu, malinga mwini akhale wodziletsa pa kabatani.

Ampu ya mtundu uti

Pali njira zinayi zotseguka kwa munthu wa thumba lopepuka, ndipo iliyonse ili ndi mwini wake. Yoyamba ndiyo ampu ya matchanelo anayi, awiri akudyetsa masipika a kutsogolo, awiri obrijidwa akudyetsa wufa imodzi ya ma ohm 4, masipika a kumbuyo nasiyidwa kwa wayilesi. Ine ndiyesa kuti kwa anthu ambiri, amene afuna kumva mawu a woimba ndi bezi pamodzi, ndi amene ali ndi ndalama za chipangizo chimodzi chokha, njira imeneyi ndiyo yopambana, pakuti nthambo ndi imodzi, fyuzi ndi imodzi, ndi malo odyedwa m'buti ndi ochepa.

Yachiwiri ndiyo ampu ya tchanelo chimodzi, imene anyamata aitcha monobuloko, yopangidwira wufa yokha. Zambiri za mtundu umenewu ndi za Class D, zimene sizitaya mphamvu yambiri m'kutentha, ndipo zimalola ma ohm 2, zina ngakhale 1. Amene ali kale ndi wufa ya makoyilo awiri a ma ohm 4 asavutike n'kufunafuna kwina. Mnzake wa wufayo ndi ameneyu. Choipa chake n'chakuti masipika a m'zitseko atsala m'manja mwa wayilesi, ndipo bezi ikakula imawamiza, nyimbo nisanduka kugunda kokhakokha kopanda mawu, monga gule wa ng'oma popanda oimba. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo: munthu angayambe ndi monobuloko chaka chino, nadzawonjezera ampu yaing'ono ya masipika chaka chamawa.

Yachitatu ndiyo ampu ya matchanelo asanu, yosenza masipika anayi ndi wufa m'thupi limodzi. Ndi yaudongo, koma yabwino ya mtundu umenewu siitsika mtengo, ndipo yotsika mtengo kawirikawiri siikhala yabwino. Tsiku limene idzadwala, galimoto yonse idzakhala chete. Yachinayi ndiyo wufa yobwera ndi ampu yake m'kati, ina yafulati yolowa pansi pa mpando. Siigwedeza komboni, koma kwa woyendetsa takisi amene buti lake ndilo munda wake, lonyamula masutukesi a ku siteshoni ya mabasi ya Intercity ndi matumba a ku msika wa Soweto, imeneyi imleka buti lonse ndi kumpatsa bezi yokwanira makutu a anthu anayi.

Chinthu chinanso musaiwale. Magalimoto athu ambiri adachokera ku Japan atagwirako kale ntchito, nalowa pa Nakonde kapena pa Chirundu, ndipo mawayilesi obwera nawo, aja ambiri amalekezera pa 90 posaka masiteshoni a FM, kawirikawiri alibe mabowo a RCA otumizira nyimbo ku ampu. Ngati simufuna kusintha wayilesi, funani ampu yokhala ndi polowera polembedwa High Level Input, imene itha kulandira nyimbo kuchokera pa nthambo za masipika. Mukapanda kutero mudzagulanso kabokosi kosinthira, ndipo ndalama imene mumayesa mwapulumutsa idzatulukira khomo lina.

Nthambo, fyuzi ndi nthaka

Chondimvetsa chisoni n'chakuti m'dziko la mkuwa, limene migodi yake ya ku Copperbelt idadziwika pa dziko lonse lapansi, ndi limene lili ndi fakitale ya ZAMEFA ku Luanshya yopanga nthambo za mkuwa, ana ake ambiri amayendetsa moto wa ampu pa nthambo ya aluminiyamu yopakidwa mkuwa pamwamba pokha. Nthambo yotere, yolembedwa CCA, imadutsitsa moto wosafika magawo awiri mwa atatu a umene mkuwa weniweni wa kukula komweko ungadutsitse, ndipo ikakumana ndi chinyezi imafumbwa n'kusanduka ufa woyera. Ina imabwera ndi chikopa chonenepa ngati chala chachikulu, koma mukaidula mupeza mtima wake ndi wowonda ngati udzu. Muyese potere: inyamuleni, pakuti mkuwa ulemera, ndipo palani kamsisi kamodzi ndi mpeni, pakuti mkuwa weniweni ndi wofiirira kufikira m'kati, pamene wonyenga aonetsa kuyera kwake. Ya mkuwa weniweni imalembedwa OFC. Kwa ampu ya mawati oona osapitirira 400 nthambo ya geji 8 ikwanira; kupyola pamenepo tengani ya geji 4, pokumbukira kuti m'mawerengedwe amenewa nambala ikachepa nthambo ikula. Amisiri ena amagwiritsa ntchito nthambo ya makina owotcherera zitsulo, imene ndi ya mkuwa ndiponso yofewa, ndipo sachimwa.

Nthambo yaikulu yochokera ku batire iyenera kukhala ndi fyuzi yakeyake, yoikidwa pafupi ndi batirelo, osapitirira mkono umodzi, ndiwo masentimita 45. Fyuzi imeneyi siitchinjiriza ampu koma galimoto ndi anthu okweramo. Pakuti nthamboyo ikapekesedwa ndi chitsulo pamene idutsa kuchoka ku injini kulowa m'kati, ndipo misewu yathu ya m'komboni idziwa kupekesa, batire lidzatsanulira ukali wake wonse pamenepo, ndipo moto udzabuka pansi pa kapeti. Amene amanga waya m'malo mwa fyuzi yopserera afanana ndi munthu wothamangitsa mlonda chifukwa wamudzutsa usiku. Nthambo ya nthaka, imene amisiri aitcha ethi, ikhale yonenepa mofanana ndi inzake, yaifupi, ndi yomangidwa zolimba pa chitsulo cha galimoto chopalidwa penti mpaka kuwala. Kulira kuja konga kwa udzudzu, kokwera ndi kutsika pamodzi ndi injini, kawirikawiri kubadwira pa ethi yoipa, kapena pa nthambo za RCA zogonekedwa pamodzi ndi nthambo ya moto; ziyendetseni mbali zosiyana za galimoto.

Mukaona nyali zikuphethira bezi ikagunda, dziwani kuti galimoto ikudandaula. Ena adzakuuzani kuti mugule kapasita. Koma kapasita ndi nkhokwe yaing'ono, siilima chimanga. Yambani mwayesa batire ndi olitaneta, ndi kukonza ethi. Zikapanda kutha, ampu yakula kuposa galimoto.

Malo ake ndi kutchuna kwake

Ampu ili ndi adani atatu m'mzinda uno: kutentha, madzi ndi mbala. Musaiphimbe ndi kapeti kapena kuiunjikira katundu, pakuti zipsepse za pathupi pake ndizo zotulutsira thukuta. Musaigoneke pansi penipeni pa buti ngati muyenda njira za ku Kanyama, Chawama kapena George m'nyengo ya dzinja, pamene misewu isanduka madambo. Ikwezeni pa thabwa kumbuyo kwa mpando. Musaikhomere pa bokosi la wufa ngati pali malo ena, pakuti kugwedezeka kosalekeza kumamasula zolumikiza za m'kati. Ndipo isaonekere pa galasi, musamatenso zomata za dzina lake pagalimoto, pakuti kuteroko ndi kuitana mlendo wa usiku. Za bokosi la wufa, akalipentala a ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wotchedwa dzina la Alick Nkhata yemwe uja, angakupangireni lolimba, malinga muwapatse miyeso yolembedwa ndi opanga wufayo, ndi kuwauza kuti thabwa likhale lochindikala ndi mfundo zonse zimatidwe kuti mpweya usapulumuke. Wufa yabwino m'bokosi lotayirira ndi ng'oma yobooka.

Tsono pali kabatani kamodzi kamene kapha masipika ochuluka kuposa mvula ndi mbala pamodzi, ndiko kolembedwa Gain. Ambiri akayesa kokwezera mawu, nakapotokola mpaka kumapeto. Ntchito yake ndi kulinganiza ampu ndi wayilesi basi. Kakapyola muyeso, ampu imayesa kupereka zimene ilibe, nsonga za mafunde a mawu zimadulidwa, ndipo koyilo ya sipika imatentha kufikira vanishi wake apsa. N'chifukwa chake ampu yaing'ono yokakamizidwa ingathe kupha wufa yaikulu. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Potchuna, bwezani kabataniko pansi, zimitsani Bass Boost ndi zokometsera zonse za pa wayilesi, kwezani wayilesi kufika magawo atatu mwa anayi, ikani nyimbo imene muidziwa bwino, ndipo kwezani Gain pang'onopang'ono kufikira mawu ayamba kukhakhala. Pamenepo bwererani m'mbuyo pang'ono, nimuleke. Mmisiri wokhala ndi mita angachite mwa masamu: ampu ya mawati 200 pa ma ohm 2 iyenera kuonetsa ma volt 20 potulukira. Pomaliza gawani ntchito: kabatani ka LPF kaikidwe pafupi ndi 80 kuti wufa ilandire mawu a pansi okha, ndi ka HPF kaikidwe pomwepo kuti masipika a m'zitseko apumule ku katundu wa bezi. Anthu ambiri akachita ichi chokha amadabwa kuti masipika awo akale adali abwino chikhalire.

Tsiku logula

Mukatsika basi m'tauni ndi kuyamba kuzungulira masitolo a m'misewu ya Freedom Way ndi Chachacha, kapena a ku Kamwala, kapena matebulo a pa Town Centre, mudzaona maina odziwika monga Pioneer, Sony, Kenwood, JVC ndi JBL, pamodzi ndi ena obwera kuchokera ku South Africa monga Targa ndi Starsound. Dzina labwino ndi chuma, ndipo chifukwa cha chimenecho akuba amalibera. Katundu wonyenga wovala dzina la eni ake ndi wosasowa. Yang'anani malembo ngati ali olunjika, nambala ya pa bokosi ngati igwirizana ndi ya pa chipangizo, ndi mtengo ngati suli wokoma mopitirira. Pemphani kuti aiyese pamaso panu ndi wufa, iimbe mphindi zingapo, muikhudze. Pemphaninso lisiti lolembedwa masiku a chitsimikizo. Ampu yakale ya dzina loona, yogwirapo ntchito koma yosatsegulidwapo, nthawi zambiri iposa yatsopano yosadziwika kwawo; koma inunkhizeni, penyani zomangira zake ngati zidakumana ndi sikuludiraiva, ndipo funsani kumene idachokera, kuti mungagule katundu wa mnansi wanu wolira. Safunsa adadya phula.

Ndipo musathere ndalama zonse pa ampu. Patulani gawo la nthambo ya mkuwa ndi fyuzi, patulaninso gawo la mmisiri wodziwa ntchito yake, ndipo chotsalacho ndicho mtengo wa ampu yanu. Mwana wa mlongo wanga adachita chomwecho ulendo wachiwiri: adagula monobuloko yaing'ono yolembedwa mawati 300 a RMS pa ma ohm 2, yopanda mphezi pabokosi, ndipo mkulu wa pansi pa mango adaimanga ndi kuitchuna. Mvula yagwa kawiri chiyambire, ndipo ikali kuimba.

Mawu otsiriza ndi a makutu ndi a anansi. Bungwe la World Health Organization lichenjeza kuti achinyamata opitirira 1 biliyoni pa dziko lapansi ali pangozi ya kuwononga makutu awo ndi phokoso la zomvera, ndi kuti muyeso wabwino kwa munthu wamkulu ndi ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata. Galimoto yotseka magalasi yokhala ndi wufa imapyola pamenepo mosavuta, ndipo khutu likafa silikhala ndi sipeya ku Kamwala. Woyendetsa ayeneranso kumva hutala ya mnzake ndi kulira kwa ambulansi. Chotero mukamadutsa pa chipatala cha Chipata, kapena pa tchalitchi anthu ali m'mapemphero, kapena pa nyumba imene pamangidwa tenti ya maliro, kapena mukakumana ndi mdipiti wopita ku manda a ku Chingwere, tsitsani mawu monga munthu woleredwa. Gulani mawati oona, mangani ndi mkuwa weniweni, ikani fyuzi pafupi ndi batire, ndipo dzanja lanu lidziwe njira yobwerera pa kabatani.